Kanema Waulere: Kodi Akulipira Ndani?

Loŵeruka masana, munthu akamayenda m'misewu yafumbi ya ku Area 23, m'dera la Mfumu Yaikulu Tsabango, amamva chinthu chodabwitsa. Chigoli chikaloŵa ku England, mfuu imabuka m'shopu ya ometa. Patapita kamphindi imabukanso m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika, ndipo pomaliza imamveka m'nyumba ina pafupi ndi mpopi. Chigoli nchimodzi, koma chikondwerero chimafika katatu. Ana a sukulu amadziŵa chifukwa chake: amene afuula poyamba ali ndi dikoda yolipira, ndipo amene afuula mochedwa akuwonera pa kabokosi.

Kabokosi kameneka nkakang'ono, kosaposa buku la nyimbo za m'tchalitchi, ndipo kena kamangofanana ndi fulashi yonenepa. Kamalumikizidwa kumbuyo kwa wailesi ya kanema nkumakoka zithunzi kudzera pa intaneti. Wogulitsa amakulonjezani mpira wonse wa ku Ulaya, mafilimu amene angotuluka kumene, maseŵero a ku India ndi a ku Nigeria, ndiponso zidole za ana, zonsezo pamtengo wozizira kwabasi. Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Area 25, timabokosi timeneti tikuloŵa m'nyumba mwakachetechete monga momwe inaloŵera foni ya m'manja.

Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale m'dera lino. Nkhaniyi ndinayamba kuilingalira tsiku limene ndinakumana ndi mnyamata wina amene ndinamphunzitsa mpaka Fomu 4. Pa sukulu anali mwana wanzeru polemba chimangirizo, ndipo m'kalabu ya zisudzo ndiye ankatilembera maseŵero. Tsikulo ndinampeza pa benchi pafupi ndi msika, atayala timabokosi ndi mawaya. Nditamfunsa ngati akudziŵa kuti malonda akewo ngoletsedwa, iye anaseka mwaulemu nati, "Aphunzitsi, satifiketi ili m'sutikesi, ntchito kulibe. Ndiye ndizidya chiyani? Komanso amene tikuwaberawo ndi azungu olemera, sangamve nkutsina komwe." Ndinasoŵa chomuyankha pomwepo. Zimene ndikulemba pano ndiye yankho limene ndinalephera kumpatsa, ndipo ndikulipereka kwa iye pamodzi ndi anzake onse amene angotsiriza sukulu.

Momwe kabokosi kamagwirira ntchito

Choyamba tinene mosapsatira kuti kabokosi pakokha kalibe mlandu. Ndi kakompyuta kakang'ono, kaŵirikaŵiri koyendera Android monga mafoni athu, ndipo munthu angathe kuwonerapo YouTube kapena Netflix imene walipira popanda kulakwira aliyense. Mlandu umayamba pamene wogulitsa aikamo mapologalamu otsegula makomo a eni popanda chilolezo. Zimakhala chonchi: kwinakwake kunja, anthu ena amalipira madikoda oŵerengeka mwalamulo, nkutapa zithunzizo ndi kuzitumiza ku makompyuta aakulu, ndipo kuchokera kumeneko zimagaŵidwa kwa anthu zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana. Ulendo wokhotakhota umenewu ndiwo umachedwetsa chigoli chija.

Ndalama nazo zili ndi ulendo wake. Wowonera amalipira mnyamata wa pamsika kudzera pa foni. Mnyamatayo amatsala ndi kangachepe, ndipo zambiri amatumiza kwa amene anampatsa manambala achinsinsi, amenenso amatumiza kwa ena a pamwamba pake, anthu amene mnyamatayo sadzawawona nkhope mpaka kalekale. M'ulendo wonsewo palibe tambala imene imafika kwa amene analemba seŵero, amene anagwira kamera, kapena amene anachezera usiku kulumikiza zithunzi.

Tinafika bwanji pamenepa?

Umbava wa luso sunayambe ndi kabokosi. Achikulire akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 nyimbo zinkajambulidwa kuchoka pa kaseti ina kupita pa ina, ndipo mafilimu a karate ankawonetsedwa m'timanyumba ta vidiyo totchinga ndi ziguduli. Pa nthaŵiyo dziko la Malaŵi linalibe wailesi ya kanema yakeyake, chifukwa Television Malawi inayamba pa 1 Epulo 1999. Motero mbadwo wathunthu unakula ukudziŵa kuti filimu ndi chinthu chochokera kunja, chopanda mwini wowoneka. Kaseti itatha panabwera CD ndi DVD, ndipo pambuyo pake panabuka timashopu ta makompyuta momwe munthu amapereka fulashi kapena memore khadi kuti amthirire nyimbo ndi mafilimu monga amathirira mafuta m'botolo.

Boma silinakhale chete. Lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo mu 1992 panabadwa bungwe la COSOMA loyang'anira za umwiniwo. Bungweli linayambitsa tizizindikiro tomata pa makaseti ndi ma CD kuti wogula azisiyanitsa chenicheni ndi chakuba. Njirayo inali yanzeru pa nthaŵi yake. Komatu chizindikiro chimamatidwa pa chinthu chogwirika. Nanga pa chithunzi chimene chikubwera mumphepo kuchokera tsidya la nyanja mungachimate pati?

Chaka cha 2023 chinathandiza kabokosi kwambiri. Mu Ogasiti chaka chimenecho, mpikisano wa mpira wa ku England ukungoyamba kumene, kampani ya MultiChoice inalengeza kuti yasiya kupereka DStv m'Malaŵi chifukwa cha mkangano wake ndi bungwe la MACRA pa nkhani yokweza mitengo. DStv inabwereranso mu Disembala, bwalo lalikulu la milandu litapereka chigamulo. Koma pakati pa miyezi imeneyo, mu Novembala, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, italandira kale nkhonya ina ya 25 peresenti mu Meyi 2022. Ine ndinawona ndi maso anga anansi amene kale sankadziŵa za kabokosi akufunsana kumene angakapeze. Mlimi amadziŵa kuti ng'ombe ikadziŵa poboola mpanda, ngakhale mutsegule chipata imapitabe poboola pomwepo.

Dandaulo la mnyamata uja tilimve

Kungakhale kupanda chilungamo kunyoza dandaulo la wogula. Mpira wa kunja umagulitsidwa pa ndalama zakunja, ndipo mitengo yake njochititsa mantha. Mwachitsanzo, ufulu wowulutsa maseŵero a Premier League m'dziko la Britain mokha, kwa zaka zinayi kuyambira 2025, unagulitsidwa pa mapaundi 6.7 biliyoni. Makampani owulutsa mpirawo mu Afirika nawonso amagula ufulu wawo ndi ndalama zakunja, pomwe mphunzitsi, kalipentala ndi mayi wogulitsa mandasi amalandira makwacha. Kwacha ikagwa, dikoda imakwera, koma malipiro amatsalira m'mbuyo. Bambo amene ayenera kusankha pakati pa thumba la chimanga ndi kulipira kanema sitingamtche wopusa akasankha chimanga.

Komabe mfundo yoti kabokosi ndi chifundo cha amphaŵi pa amphaŵi anzawo ilibe maziko. Mu Meyi 2023 khothi lina ku England linatumiza kundende amuna asanu amene ankayendetsa malonda otere m'dzina la Flawless. Anali ndi makasitomala oposa 50,000, ndipo m'zaka zisanu anapeza mapaundi oposa 7 miliyoni. Mtsogoleri wawo analamulidwa kukhala kundende zaka 11. Ku South Africa, mu 2024, apolisi mothandizana ndi MultiChoice anamanga anthu ogulitsa kanema wakuba wotchedwa Waka TV. Choncho ndalama ya bambo wa ku Mgona ikachoka m'thumba, imakathera kwa olemera ndithu, kungoti ndi olemera obisala amene salipira msonkho ndipo salemba munthu ntchito yodziŵika.

Amene sangathe kupirira

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Mnyamata uja ananena zowona pa chinthu chimodzi: Premier League siidzagwa chifukwa cha timabokosi ta ku Area 23. Makampani aakulu ali ndi maloya, ali ndi misika m'maiko ambiri, ndipo akaluza kuno amapeza kwina. Amene alibe kothaŵira ndi wopanga filimu wa ku Malaŵi.

Dziko lino lili ndi anthu aluso. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene inapambana mphoto ya filimu yabwino koposa ya kum'mwera kwa Afirika pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Nigeria mu 2018. Mphoto yomweyo anali atailandirapo Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe. Mu 2021 dziko lino linatumiza Fatsani, filimu ya Gift Sukez Sukali, ku mpikisano wa Oscars. Filimu iliyonse mwa imeneyi inadya ndalama: kamera, magalimoto, chakudya cha ochita seŵero, magetsi, ndi miyezi yambiri ya thukuta. Kodi ndalamazo zimabwerera kudzera kuti? Nyumba za kanema zimene makolo athu ankapitako, monga Apollo ku Blantyre, zinatsekedwa kalekale. Chotsala ndi matikiti a tsiku lokhazikitsa filimu, kugulitsa ku nyumba zowulutsa kanema, ndi munthu wamba amene angavomere kulipira kuti awonere.

Apa ndi pamene kabokosi kamapweteka koposa. Kuba filimu imodzi nkoipa, koma choipitsitsa ndi phunziro limene kabokosi kamapereka m'nyumba tsiku ndi tsiku, lakuti filimu ilibe mtengo. Banja limene lazoloŵera mafilimu zikwizikwi pa ndalama ya mandasi lidzadabwa mukaliuza kuti lilipire filimu imodzi ya Chicheŵa. Owonera akasamukira ku kabokosi, nyumba zathu zowulutsa kanema zimataya anthu, otsatsa malonda amachepetsa ndalama, ndipo nyumbazo zimalephera kugula maseŵero a achinyamata athu. Mapeto ake, seŵero la kuno limajambulidwa pokhapokha bungwe lina litapereka ndalama kuti lifalitse uthenga wake, ndipo wolemba amalemba zimene wauzidwa.

Taganizirani za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ali mnyamata. Nkhani yake inakhala filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind mu 2019, yojambulidwa ku Kasungu konko ndi Chiwetel Ejiofor, ndipo dziko lonse lapansi linaiwona pa Netflix. Tonse tinanyadira. Koma ndalama zopangira filimuyo zinachokera kumaiko kumene owonera amalipira. Nkhani zathu zilipo zambiri, kungoti msika wozilipira tikuugwetsa tokha. Ngakhale anyamata amene amamasulira mafilimu a ku China ndi ku India m'Chicheŵa, amene luso lawo la pakamwa ine monga mphunzitsi wa chiyankhulo ndimalisirira, akumanga nyumba pa malo a eni. Tsiku lililonse angathe kuthamangitsidwapo, ndipo ntchito yawo nayo imabedwa tsiku lomwe yatuluka.

Aphunzitsi anzanga ndi ophunzira akumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anabedwa ndi kufalitsidwa pa mafoni. Amene analandira pepala pa foni ankati apeza mwaŵi waulere. Koma zotsatira zake zinagwera aliyense: mayeso analembedwanso mu Januwale 2021, boma linawononga ndalama kaŵiri, ndipo mwana amene anaŵerenga mokhulupirika anavutika pamodzi ndi wakuba. Chifukwa chake nchakuti satifiketi imakhala ndi mtengo pokhapokha anthu akukhulupirira kuti inapezeka ndi thukuta. Ntchito ya luso ili chimodzimodzi. Anthu akangozoloŵera kuipeza popanda kulipira, imatsika mtengo kwa onse, ndi kwa amene sanayambe nkomwe kuipanga.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula kabokosi nayenso amalipira m'njira zimene sanauzidwe. Poyamba, kabokosi kamadya bandulo ya intaneti ngati njovu m'munda wa chimanga, ndipo ambiri saŵerengera ndalama imeneyi akamanena kuti nkotsika mtengo. Chachiŵiri, kanema wakuba amazima nthaŵi iliyonse eni ake akagwidwa kapena akathaŵa. Munthu amene analipira chaka chonse sangakadandaule ku MACRA kapena kupolisi, pakuti adzayamba ndi kufotokoza chimene iye mwini ankagula.

Chachitatu ndicho chowopsa. Mu Juni 2025 apolisi a FBI ku America anachenjeza anthu za mapologalamu oipa otchedwa BADBOX 2.0, amene amabwera ataikidwa kale m'timabokosi totsika mtengo. Mwezi wotsatira kampani ya Google inakasuma kukhothi, ikunena kuti zipangizo zoposa 10 miliyoni zinali zitagwidwa ndi nthendayi. Kabokosi kotero kamatsegulira mbava khomo kuti zigwiritse ntchito intaneti ya m'nyumba mwanu pochita zachinyengo, inu mukusekerera seŵero. M'nyumba momwemo muli mafoni amene timasungamo ndalama ndi zinsinsi zathu.

Chachinayi chikukhudza makolo. Timabokosi tambiri timabwera ndi makanema olaula osatsekedwa. Dziko lino lakhala ndi lamulo lowunika mafilimu kuyambira 1968, koma kabokosi sikadutsa pa ofesi ya wowunika aliyense. Makolo akapita ku ntchito, limoti imatsala m'manja mwa mwana wa Sitandade 5. Aphunzitsi timawona zotsatira zake m'mayankhulidwe ndi m'makhalidwe a ana, ndipo paja nkhuyu zodya ana zimapota akulu.

Lamulo likuti bwanji?

Lamulo la 1989 linaloŵedwa m'malo ndi lamulo latsopano la umwini wa luso la 2016. Lamuloli limateteza mabuku, nyimbo, mafilimu ndi zowulutsidwa pa wailesi, ndipo munthu wofalitsa kapena kugulitsa ntchito ya wina popanda chilolezo angathe kulipitsidwa chindapusa, kulandidwa katundu, ngakhalenso kumangidwa. Kudzera m'lamulo lomwelo panakhazikitsidwa msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi zithunzi, umene bungwe la MRA limatolera ndipo COSOMA imagaŵira eni luso. Ena amaganiza kuti msonkhowu ndi chiphaso chokopera chilichonse. Ayi ndithu. Cholinga chake nkupepesa eni luso pa zimene anthu amakopera kuti agwiritse ntchito okha kunyumba, ndipo sulola munthu kuchita malonda ndi ntchito ya mnzake.

Tidziŵenso kuti mu 1991 Malaŵi analoŵa m'pangano la Berne, limene maiko anayamba kusaina mu 1886. Pangano limeneli limati dziko lililonse liteteze ntchito ya mlendo monga momwe limatetezera ya mwana wake. Ndiye kuti lamulo limene limateteza filimu ya ku London kuno ndi lomwelo limene lidzateteze filimu ya mwana wa ku Tsabango ikadzafika ku London. Sitingathyole mlathowo mbali imodzi nkuyembekezera kudzawolokerapo maŵa.

Tichitenji tsono?

Kwa makampani owulutsa kanema ndinena kuti apolisi okha sangathetse kabokosi. Anthu a m'makomboni timagula zinthu pang'onopang'ono: ufa wa m'timapepala umene timautcha walkman, mafuta ophikira a m'timachubu, ndi mayunitsi a magetsi a tsiku limodzi. Wogulitsa amene amafuna ndalama ya mwezi wathunthu nthaŵi imodzi amasiya khomo lotsegula kwa wakuba. Patakhala njira yolipira seŵero limodzi kapena tsiku limodzi pamtengo wofikirika, ambiri akanasankha chithunzi chosadukaduka ndi mtima wokhazikika.

Kwa aphunzitsi anzanga ndinena kuti nkhaniyi njathu. Timalanga mwana wokopera chimangirizo cha mnzake, koma Loŵeruka timawonetsa ana omwewo filimu yochokera pa fulashi yakuba, ndipo ena a ife timajambulitsa buku lathunthu la mlembi wa kuno pa fotokope. Mwana amaphunzira zimene timachita msanga kuposa zimene timalemba pa bolodi. Pophunzitsa zolembalemba tiziwauza ana kuti dzina la pachikuto ndi la munthu amene amadya, amalipira lendi, ndiponso ali ndi ana a sukulu. Kukakhala kukhazikitsa filimu ya kuno mumzinda muno, titengeko kalabu ya zisudzo, tigule matikiti.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndinena kuti luso limene mumakonzera kabokosi ndi luso lenileni. Munthu wodziŵa kulumikiza mawaya, kuloza dishi ndi kukonza mapologalamu angathe kuika madikoda ovomerezeka, monga a Kiliye Kiliye amene amawonetsa makanema a kuno, kukonza mafoni, kapena kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Phindu lake limabwera pang'onopang'ono, koma simugona mukumvetsera kugogoda kwa pakhomo. Ndipo m'malonda a kabokosi, pogwidwa amayambira pa benchi ya pamsika, pomwe mwini wake weniweni ali kutali akumwa tiyi.

Mnyamata uja ndinakumana nayenso patapita miyezi ingapo, ndipo ulendo uno ndiye anayamba kundiimitsa. Anandiuza kuti iye ndi anzake anasonkherana ndalama, nabwereka kamera, najambula seŵero la mphindi 40 la mtsikana wogulitsa madzi pa depoti. Anakonza zoti akaliwonetse m'holo ya tchalitchi, anthu alipire pakhomo. Kutatsala masiku atatu, analipeza m'kashopu kena ka makompyuta likuthiridwa m'mafulashi pamodzi ndi nyimbo, monga banyira. Tsiku lowonetsa, m'holo munali mabenchi ambiri kuposa anthu. "Aphunzitsi," iye anatero, "anthu alibe chisoni. Sadziŵa kuti tinavutika bwanji."

Sindinamkumbutse za azungu olemera aja, chifukwa nkhope yake inawonetsa kuti wakumbukira yekha. Paja chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Timabokosi tinali tidakali m'chikwama chake, ndipo sindinganame kuti anatitaya tsiku lomwelo, pakuti njala siimva ulaliki. Koma potsazikana anatulutsa kope la masamba opindikapindika, momwe walembamo seŵero lachiŵiri, napempha kuti ndimkonzere Chicheŵa chake. Kopelo lili pa tebulo langa pamene ndikulemba zino. Seŵerolo nlabwino, ndipo ndikalitsiriza ndidzambwezera. Chimene sindingathe kumkonzera ndi cholembera chofiira ndi funso lakuti adzalipira ndani kuti aliwonere. Yankho lake lili m'nyumba zathu, kumbuyo kwa wailesi ya kanema.